Akuba a Panyanja: Zimene Anaona Anzathu a ku Namibia ndi ku Mozambique

Ambiri a ife sitinaionepo nyanja ya mchere. Tikamati "kunyanja" timanena ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay. Komabe nyanja ya mchere imafika ndithu m'mbale zathu. Makerele amene timawaona m'mafiriji a m'magolosale ndi m'misika ya m'matauni si a m'Nyanja ya Malawi ai. Ndi nsomba za m'madzi a mchere, zimene zayenda ulendo wautali pa malole kuti zitipeze. Tsono nsomba zikamabedwa m'magombe a maiko a m'chigawo chathu chino, nkhaniyo si ya eni magombe okha.

Akuba amene tikunena pano sabwera ndi bwato la mtengo ndi kaukonde kamodzi. Amabwera ndi zombo zikuluzikulu zachitsulo zochokera kutali, zokhala ndi mafiriji m'kati mwake, zotha kukhala pamadzi miyezi yambiri osaponda kumtunda. Tiyeni tione chimene malamulo amanena, m'mene kubaku kumachitikira, ndi zimene zinaoneka m'maiko awiri amene anayesa kulimbana nako.

Kodi nyanja ili ndi mwini wake?

Kale maiko ambiri ankangowerengera kamzere kochepa ka madzi a m'mbali mwa gombe ngati awo. Kupitirira pamenepo kunali kwa aliyense, ndipo "aliyense" ameneyo anali yekhayo wokhala ndi chombo chachikulu. M'chaka cha 1982, ku Montego Bay m'dziko la Jamaica, maiko anasaina pangano la bungwe la United Nations la malamulo a panyanja, ndipo linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994.

Panganoli limagawa nyanja motere. Kuyambira pagombe kufika makilomita 22, madziwo ndi mbali ya dziko monga m'mene ulili mtunda. Kuyambira pagombe lomwelo kufika makilomita 370, umene ndi mtunda woposa ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, zombo za maiko ena zikhoza kudutsa mwaufulu, koma nsomba ndi chuma chonse cha m'madzimo ndi cha dziko la gombelo. Dzikolo ndilo limanena kuchuluka kwa nsomba zoti ziphedwe pa chaka. Ngati asodzi ake sangathe kuzipha zonse, zotsalazo lingalole alendo kuzipha, koma mwa mgwirizano ndi chiphaso cholipira. Chiphasocho chimatchula mtundu wa nsomba, kuchuluka kwake, malo, nyengo ndi maukonde oyenera.

Chombo chikaphwanya malamulowa, dziko la gombe lili ndi mphamvu yochiimitsa, kukwera m'menemo, kuchisecha, kuchigwira ndi kuchitengera ku bwalo la milandu. Koma panganoli limatetezanso ogwidwawo: chombo ndi anthu ake ayenera kumasulidwa msanga akapereka chikole choyenera, ndipo pa mlandu wa usodzi wokha salangidwa ndi ndende pokhapokha ngati maiko awiriwo anagwirizana kale zotero. N'chifukwa chake chilango chimene eni zombo amachiopa kwambiri ndi chindapusa chachikulu ndi kulandidwa chombo.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichidziwa. Malawi nayenso ali m'panganoli, ndipo gawo 69 limapereka ufulu kwa maiko opanda gombe kuti alandireko gawo la nsomba zotsala m'madzi a maiko a m'chigawo chawo, akagwirizana ndi eni madziwo. Koma zotsala zimakhalapo pokhapokha pamene nkhokwe sinapululidwe. Wakuba akakokolola nsomba ku Beira kapena ku Walvis Bay, wakokolola ndi gawo limene likanakhala lathu.

Amaba bwanji?

Mwina wina angafunse kuti chombo chachikulu chotere chingabisale bwanji pamadzi poyera. Yankho lake ndi kukula kwa nyanja. Madzi a Namibia okha ndi aakulu kuposa kanayi dziko lonse la Malawi, pamene zombo zolondera n'zowerengeka ndipo zimadya mafuta ambiri. Zombo zikuluzikulu zimayenera kukhala ndi kachipangizo kodziwitsa pamene zili, koma wakuba akamalowa m'madzi a eni amangokazimitsa. Ena amayandikira gombe usiku, kukacha ali kutali.

Chinyengo chachikulu chili pa mbendera ndi dzina. Chombo chilichonse chimalembetsedwa m'dziko lina lake, ndipo dzikolo ndilo liyenera kuchiyang'anira. Koma pali maiko amene amagulitsa mbendera yawo kwa aliyense wolipira, osafunsa kuti chombocho chikuchita chiyani. Ngakhale maiko opanda gombe ngati Mongolia ndi Bolivia akhala akulembetsa zombo za panyanja. Chombo chikadziwika ndi mbiri yoipa, mwini wake amachipaka penti ina, n'kuchipatsa dzina lina ndi mbendera ina. Mwini weniweniyo amabisala kuseri kwa makampani ongolembedwa papepala, kotero kuti amene amagwidwa ndi woyendetsa chombo ndi antchito, pamene wodya phindu ali phee kwawo.

Nsomba zakubazo nazonso zimatsukidwa. Chombo chakuba chimakumana pakati pa nyanja ndi chombo china chonyamula katundu wozizira, n'kutsanulira nsomba zake m'menemo, m'mene zimasakanizika ndi nsomba zophedwa mololedwa. Zikafika padoko palibe angazisiyanitse. Kafukufuku wina amene anatuluka m'chaka cha 2009 anayerekeza kuti nsomba zophedwa mosatsata malamulo pa dziko lonse zinali pakati pa matani 11 miliyoni ndi 26 miliyoni pa chaka. Kutalikirana kwa manambala awiriwa kukutiuza kanthu: wakuba salemba lisiti.

Wolira ndani?

Woyamba kulira ndi msodzi wamng'ono. Ku Mozambique, dziko la gombe lotalika makilomita oposa 2,400, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a nsomba zonse zophedwa amazipha ndi asodzi a m'midzi, a mabwato a mitengo ndi a matanga. Chombo chokoka khoka pansi pa nyanja chikalowa m'malo awo chimatenga zonse, zazikulu ndi tiana tomwe, chimagumula malo oswanirana nsomba, ndipo chimadula maukonde amene munthu anagula ndi ngongole. Zimene sichikuzifuna chimazitayira m'madzi zitafa kale. Amene akudziwa madandaulo a asodzi athu a ku Mangochi pa zombo zokoka makoka zikayandikira kumtunda sangavutike kumva nkhaniyi. Msodzi akabwera chimanjamanja, mayi wowamba ndi kugulitsa nsomba alibe geni, ndipo mwana wa kumtunda adya nsima yopanda ndiwo ya nsomba.

Boma nalo limataya ndalama za ziphaso ndi misonkho, ndipo mafakitale a kumtunda amasowa nsomba zoti akonze. Koma pali olira ena amene sitimawaganizira: antchito a m'zombo zakubazo. Ambiri ndi anyamata osauka a ku Asia ndi ku Africa kuno amene analonjezedwa malipiro abwino. Akakwera chombo amalandidwa mapasipoti, amagwira ntchito usana ndi usiku, ena amamenyedwa, ndipo popeza chombocho sichifika padoko, alibe kothawira. Bungwe la Mpingo la Stella Maris, limene linayamba ku Glasgow m'chaka cha 1920 kuti lizitumikira anthu a panyanja, lakhala likukumana ndi anthu otere m'madoko ambiri, ena atasiyidwa popanda malipiro ngakhale ndalama yobwererera kwawo. Munthu amene saopa kuba nsomba za dziko la eni saopanso kuba thukuta la wantchito wake.

Namibia: dziko lakhanda ligwira zombo

Gombe la Namibia ndi chipululu cha mchenga, koma madzi ake ndi ena mwa madzi a nsomba zambiri pa dziko lonse, kaamba ka mkokomo wa madzi ozizira wotchedwa Benguela umene umakweza chakudya cha nsomba kuchokera pansi pa nyanja. Dzikoli lisanalandire ufulu linkalamulidwa ndi South Africa, ulamuliro umene United Nations sinkauvomereza. Motero panalibe Boma lovomerezeka loti n'kunena kuti madziwa ndi athu. Zombo za ku Spain, ku Soviet Union ndi maiko ena ambiri zinadzazana kumeneko ngati mbalame m'munda wa mapira wopanda woingitsa. M'chaka cha 1972 chokha zinapha matani oposa 800,000 a nsomba yotchedwa hake. Pofika 1990 nsombayi inali itatsala yochepa zedi.

Namibia inalandira ufulu pa 21 Malichi 1990. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la makilomita 370, ndipo Boma linapempha zombo zonse zachilendo kuti zituluke. Zambiri zinamvera. Koma zina, makamaka za ku Spain, zinapitiriza kupha nsomba, podziwa kuti dziko lakhandali linalibe zombo zankhondo zoti n'kuzithamangitsa.

M'mwezi wa Novembala 1990 akuluakulu oona za usodzi pamodzi ndi asilikali anakwera helikopita yobwereka, n'kutsikira pa zombozo zili pakati pa ntchito. Anagwira zisanu. M'zaka za 1990 ndi 1991 zombo 12 zinagwidwa, 11 za ku Spain ndi chimodzi cha mbendera ya Congo. Milandu inazengedwa m'mabwalo a Namibia, ndipo zambiri mwa zombozo zinalandidwa. Tisaiwale kuti panthawiyo Namibia inkafunitsitsa thandizo ndi misika ya ku Ulaya, ndipo kukanakhala kosavuta kungolandira kachindapusa kochepa n'kupepesana mwaulemu. Sanatero. Mbiri inawanda m'madoko a kutali kuti ku Namibia ukalowa mwakuba ukasiyako chombo, ndipo kubaku kunatsika kwambiri.

Chimene chinatsatira sichimveka kwambiri koma ndicho chinali ntchito yeniyeni. Boma linadziletsa lokha: m'chaka cha 1991 linalola matani 60,000 okha a hake, kuti nsomba zichulukanenso. Linakhazikitsa lamulo la usodzi m'chaka cha 1992, ndi lina lolowa m'malo mwake m'chaka cha 2000. Linaletsa kukoka makoka m'madzi osazama mamita 200, m'mene mumakulira tiana ta nsomba. Linalamula kuti zombo zikuluzikulu ziziyenda ndi munthu woyang'anira, woona ndi kulemba zimene zikuphedwa. Ndipo popeza dzikoli lili ndi madoko awiri okha a nsomba, Walvis Bay ndi Lüderitz, kunali kotheka kuika oyendera oti aziona nsomba pamene zikutsitsidwa. Makampani a eni dziko ndi amene ankatsitsa nsomba zawo kumtunda kuti zikonzedwe komweko ankalipira msonkho wotsikirapo. Zimenezi zinabala mafakitale ndi ntchito za anthu zikwi zambiri.

Mutu umodzi susenza denga

Nsomba sizidziwa malire, ndipo wakuba akathamangitsidwa kuno amangosamukira kwa mnansi. Pozindikira zimenezi, atsogoleri a maiko a SADC anasaina pangano la za usodzi pa 14 Ogasiti 2001, ndipo anasainira konkuno, mu mzinda wa Blantyre. Panganoli limakhudza nyanja za mchere ndi nyanja za kumtunda zomwe, ndipo limalimbikitsa maiko kuti aziuzana za zombo zokaikitsa ndi kulondera pamodzi.

M'chaka cha 2008 Mozambique inagwira chombo chotchedwa Antillas Reefer, chimene chinkapha nsomba popanda chiphaso m'madzi ake. M'katimo anapezamo matani 43 a shaki ndi matani 4 a zipsepse zake, zimene zimagulidwa pa mtengo wokwera ku Asia. Mbendera imene chinakweza inali ya Namibia yomweyo imene tayitamayi. Eni ake analamulidwa kulipira chindapusa cha mamiliyoni a madola, ndipo Boma linalanda chombocho n'kuchisandutsa cholondera nyanja.

Koma kugwira si kupambana mlandu. M'mwezi wa Malichi 2009, pa ulendo wolondera pamodzi wa maiko angapo, chombo cha South Africa chotchedwa Sarah Baartman chinagwira chombo cha Tawariq 1 m'madzi a Tanzania, chili ndi matani oposa 250 a nsomba, zambiri za mtundu wa tuna. Anthu a ku Tanzania anazitcha nsomba za Magufuli, pakuti John Magufuli ndiye anali nduna ya za usodzi. Woyendetsa chombocho anapezeka wolakwa m'chaka cha 2012, koma m'chaka cha 2014 bwalo la apilo linafafaniza chigamulocho chifukwa cha zolakwika pa kasumidwe ka mlandu. Apolisi, ozenga milandu ndi oweruza odziwa ntchito yawo ndi ofunika pa chitetezo cha nyanja mofanana ndi chombo cholondera.

Njira yotsika mtengo koposa ndi kudikira padoko, pakuti nsomba iliyonse yakuba iyenera kutsikira penapake kuti igulitsidwe. Pangano la bungwe la FAO la m'chaka cha 2009, limene linayamba kugwira ntchito pa 5 Juni 2016, limati chombo chachilendo chipemphe chilolezo chisanalowe padoko, chionetse mapepala ake, ndipo chikakaikitsa chisechedwe kapena chikanizidwe kutsitsa nsomba, kumwa mafuta ndi kukonzedwa.

Wakuba wolowera pakhomo

Mpaka pano takamba za wakuba wolowera pazenera. Koma alipo wina amene amalowera pakhomo, atanyamula chiphaso chosainidwa bwinobwino, pakuti wagula mlonda. Kwa nsomba palibe kusiyana, ndipo kwa msodzi wamng'ono palibenso kusiyana.

M'mwezi wa Novembala 2019 bungwe la WikiLeaks linatulutsa makalata oposa 30,000 amene linalandira kwa Jóhannes Stefánsson, yemwe kale ankayendetsa ntchito za kampani ya ku Iceland yotchedwa Samherji ku Namibia. Iye ananena kuti kampaniyo inkapereka ziphuphu kwa akuluakulu kuti izilandira gawo lalikulu la makerele, nsomba imene ku Mozambique amaitcha karapau, imenenso ndi ndiwo ya anthu wamba ku Zambia, ku Congo ndi kwina. Nkhaniyi inatchedwa Fishrot, kutanthauza kuola kwa nsomba. Nduna ya za usodzi, Bernhardt Esau, ndi nduna ya za chilungamo, Sacky Shanghala, anatula pansi maudindo ndipo anamangidwa m'mwezi womwewo. Iwo anaukana mlanduwo, ndipo panatha zaka zisanu ali m'ndende mlandu usanagamulidwe. Sitingaweruze pamene bwalo ndilo liyenera kuweruza. Koma taonani pamene panali chiboo: mphamvu yogawa nsomba inali itaunjikana m'manja mwa nduna, ndipo anthu wamba sankadziwa bwino kuti walandira ndani, zochuluka bwanji, pa mtengo wanji. Dziko limene linagwira zombo ndi helikopita yobwereka linapezeka litatseguka pa desiki ya mu ofesi.

Za ku Mozambique n'zowawa koposa, chifukwa kumeneko mau akuti "kuteteza nyanja" ndiwo anagwiritsidwa ntchito ngati chophimba. M'chaka cha 2013 kampani ya Boma yotchedwa EMATUM inakongola madola 850 miliyoni a ku America, amati ogulira zombo 24 zophera tuna ndi zombo zolondera gombe, kuti chuma cha m'nyanja chisamangopita ndi alendo. Ndani akanatsutsa cholinga chotere? Makampani ena awiri, ProIndicus ndi MAM, anakongolanso mwachinsinsi, ndipo ngongole yonse inafika pafupifupi madola 2 biliyoni. Boma linalonjeza kuti makampaniwa akalephera lidzabweza ndilo, ndipo linatero Nyumba ya Malamulo isanavomereze. Zombo zinabweradi kuchokera ku Cherbourg m'dziko la France, koma zinatha zaka zikuchita dzimbiri padoko la Maputo, osapha nsomba zooneka.

Chinsinsi chitaululika m'chaka cha 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo. Ndalama ya metical inagwa mphamvu, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo analipira ndi mlimi wa ku Angónia ndi msodzi wa ku Angoche amene sanaoneko ngakhale khobidi. Akatswiri a kampani ya Kroll atafufuza m'chaka cha 2017 anapeza kuti madola 500 miliyoni sakudziwika m'mene anagwirira ntchito. M'mwezi wa Disembala 2022 bwalo la ku Maputo linapeza anthu 11 olakwa, mwa iwo Ndambi Guebuza, mwana wa mtsogoleri wakale wa dzikolo, amene anagamulidwa zaka 12. Manuel Chang, nduna ya za chuma imene inasaina malonjezo aja, anagwidwa ku South Africa m'chaka cha 2018 ndipo bwalo la ku New York linampeza wolakwa m'chaka cha 2024.

Nanga nzika wamba zinangokhala? Ai. Malamulo oyendetsera dziko la Mozambique amalola nzika 2,000 kuti zikasaina pamodzi zipemphe bwalo loona za malamulo aakulu a dziko kuti liunike ngati chinthu chimene Boma lachita chili chololedwa. Mabungwe omwe si a Boma, ogwirizana pansi pa dzina la Fórum de Monitoria do Orçamento, anayenda kusonkhanitsa maina a anthu mpaka anakwana, n'kukatula dandaulo lawo. Iwo sankafunsa zachilendo. Ankafunsa mafunso amene munthu aliyense angafunse phungu wake, kaya ndi pa ngongole ya Boma, kaya ndi pa ziphaso za usodzi, za migodi kapena za nkhalango: anasaina ndani, Nyumba ya Malamulo inavomereza liti, ndalama zinapita kuti, ndipo mapepalawo tingawaone kuti? Anadikira pafupifupi zaka ziwiri. M'mwezi wa Juni 2019 bwalolo linagamula kuti ngongole ya EMATUM pamodzi ndi lonjezo la Boma loibweza zinali zosemphana ndi malamulo ndipo zinalibe mphamvu, ndipo m'chaka cha 2020 linagamula chimodzimodzi pa ngongole za ProIndicus ndi MAM.